Magazi a Eni Ake

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a apongozi anga, Anachisale. Abusa atamaliza pemphero, anapempha kuti mkamwini anenepo mawu. Ndinaimirira, ndinathokoza anthu chifukwa chobwera, n'kukhala pansi. Mkazi wanga Rute anandiyang'ana. Zimene ndinalephera kunena pamanda paja ndi zimene ndalemba pano.

Anachisale anagwira ntchito mu labu ya chipatala kuyambira ndisanakwatire mwana wawo. Zaka zawo zomaliza pantchito, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anawaika pa kafukufuku wa khansa ya m'magazi. Ine ndinawadziwa monga mmene mkamwini amadziwira apongozi ake: chapatali. Tinkakhala m'nyumba ya kuseri pa poloti yawo ku Kawale. Moni ndinkapereka nditanyonyomala pakona ya nyumba, iwo akuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu, ankauza Rute mokweza mawu, ine ndili pomwepo. Dzina langa sanalitchulepo. Ndinali bambo a Dalitso basi.

Anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wovala nsapato zopanda zidendene ngakhale pa ukwati. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono asanagwire chilichonse. Sankakalipa. Akakwiya mawu awo ankatsika, moti pakhomo tinkaopa kwambiri akayamba kulankhula motsitsa. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawadzutsa pampando: munthu akatsegula filiji n'kumaganiza chimene akufuna chitseko chili pululu. Ankabwera n'kutseka okha, ngakhale wotsegulayo akhale mlendo. Ankati munthu aziganiza kaye asanatsegule.

Pampingo ndi m'dera lathu ankawanena kuti ndi ouma mtima. Chifukwa chake n'chakuti sankanama, ngakhale mabodza ang'onoang'ono amene tonsefe timanena pofuna kusungirana ulemu. Mayi wina akafunsa ngati diresi lamukhala, ankamuuza zoona. Choopsa chinali ku matenda. Anthu ankadziwa kuti amagwira ntchito kuchipatala, ndiye ankawaitana kuti akaone wodwala. Achibale akafunsa ngati achire, iwo akakhala kuti sakudziwa ankati sakudziwa. Akaona kuti zavuta ankati aitanitse amene ali kutali. Rute anakangana nawo kangapo pa nkhaniyi. Ankawauza kuti munthu wolira safuna choonadi, amafuna womugwira dzanja. Iwo ankayankha kuti dzanja angagwire, koma pakamwa pawo sipangatuluke chimene maso awo sanaone.

Za ntchito yawo ndinazimva tsiku lina akufotokozera Rute pakhonde, mokweza, kuti ine ndimve ndili m'nyumba. Anati m'magazi muli asilikali amene amatiteteza ku matenda. Khansa ya m'magazi ndi pamene ena mwa asilikaliwo asokonekera, akungoswana osagwira ntchito, mpaka kudzaza malo a abwino. Kunja kwa dziko lino kunali akatswiri amene ankayesa njira yatsopano: kutenga asilikali abwino m'thupi la wodwala, kuwaphunzitsa kuzindikira oipawo, kenaka kuwabwezera m'thupi. Njirayo inali isanatheke. Kuti ayese, ankafuna maselo amoyo, tizigawo ta m'magazi timene iwo ankatitcha asilikali, ochokera kwa odwala enieni, kuphatikizapo a kuno kwathu.

Ntchito ya Anachisale inali kulekanitsa maselowo pa makina ozungulira, kuwawerenga pa maikulosikopu, kuwaika m'timabotolo tating'ono ngati chala, n'kuwaumitsa m'filiji pang'onopang'ono mpaka agone. Ankati selo loumitsidwa bwino silinafe, langogona. Koma likafunda pa nthawi yolakwika lafa, ndipo selo lakufa ndi madzi chabe. Maselowo ankawatenga m'mafuta a m'fupa la m'chiuno, ndi singano yaikulu. Ambiri mwa odwalawo anali ana. Wogwira mwana pa nthawi yobayayo sanayenere kukhala iwo, koma ankapita ndithu. Ankati amene sanamve kulira kwa mwana sangasamale botolo.

Mkangano wawo waukulu unali ndi dokotala amene ankatsogolera kafukufukuyo, mzungu wamtali amene ndinamuonapo kawiri kokha. Lamulo linkati kholo limodzi likavomera, zakwana. Anachisale ankakana. Ankati kuno mwana ali ndi mwinimbumba, mlongo wa mayi ake, ndipo zinthu zikalakwika amene amafunsidwa kumudzi ndi malumeyo, osati bambo. Sankalola botolo kufika pa tebulo lawo malume asanabwere. Dokotala uja ankati kudikira malume kukuchedwetsa zinthu, pakuti maselo ankayenera kutengedwa mwana asanayambe mankhwala, ndipo mankhwala sangadikire munthu amene ali ku Dedza. Dokotalayo sankalakwa. Ana ena anayamba mankhwala malume asanafike, ndipo sanalowenso mu kafukufuku. Anachisale ankati bola choncho. Awiriwa ankatha sabata akungopatsana moni, kenaka n'kumweranso tiyi limodzi.

Malume akabwera, ankachita naye zinthu ziwiri. Ankamukhazika pa maikulosikopu kuti aone yekha magazi a mbumba yake. Ndipo ankamuuza mosapita m'mbali kuti zimenezi sizichiza mwanayo.

Mmodzi mwa amalumewo ndingowatchula kuti a Kachingwe, ngakhale si dzina lawo. Ankagwira ntchito pa fakitale ya fodya ku Kanengo, akukhala ku Area 25. Mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa ku pulayimale, anali m'chipatala. A Kachingwe anandifotokozera okha, pa maliro a Anachisale, mmene anakumanirana nawo koyamba. Anafika ku labu atakwiya, akunena kuti achipatala akufuna kugulitsa magazi a mbumba yawo. Anachisale sanatsutse. Anangowakokera mpando n'kuwauza kuti atseke diso limodzi. A Kachingwe anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye awa ndi amene akumudyawa?" anafunsa a Kachingwe.

"Ndi amenewo."

"Mukawatumiza kunjako, achira?"

"Ayi, bambo. Mwana wanu tikumupatsa mankhwala amene tili nawo, mulole kapena mukane. Izi mwina zidzathandiza ana a anthu ena, ife titapita."

A Kachingwe anatuluka panja, anakasuta, anabwerera. Anati alola, koma mwanayo abayidwe kamodzi kokha, chifukwa singano ija anali ataiona. Anachisale analonjeza.

Tsopano ndifike pa tsiku lenilenilo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo mphekesera za anamapopa zinali paliponse. Anthu ochokera kumwera ankabwera nazo: akuti kuli anthu oyenda ndi zipangizo, opopa magazi a anthu n'kukagulitsa kunja. Palibe amene anali atamuona namapopa, koma aliyense anali ndi msuweni amene anapopedwa. M'minibasi, pamsika, pa mjigo, nkhani inali yomweyo.

Tsikulo ndinali pa ofu. Uthenga unabwera kudzera pa foni ya aneba woti ndipite kuchipatala msanga. Aka kanali koyamba apongozi anga kundituma. Ndinawapeza pakhomo la labu, pambali pawo pali bokosi loyera losungira zozizira, lomata ndi tepi. Analankhula akuyang'ana bokosilo. Anati galimoto ya labu yafa, dokotala ali ku Blantyre, ndipo filiji yaikulu yayamba kufunda chifukwa magetsi anazima m'mawa, jenereta n'kukana. M'bokosimo munali maselo oyenera kukwera ndege madzulo omwewo. Anali atawakwirira ndi ayezi wa mtundu wina, amene sasungunuka kukhala madzi koma amangotha ngati utsi. Wotsalayo anali wochepa. Tinayenera kukawonjezera ku Kanengo, kumene ankagulitsa, kenaka kupitirira ku bwalo la ndege.

Tinakwera minibasi ku depoti. Kondakitala anafuna kuika bokosi kumbuyo, pamodzi ndi matumba a makala. Iwo anakana, analiika pamiyendo. Ine ndinakhala pambali pawo, phewa kugunda phewa, chinthu chimene sichinachitikepo. Tonse tinayang'ana kutsogolo njira yonse.

Tinatsika pa siteji ya ku Kanengo, pafupi ndi pokhotera ku Area 25. Pamene ndinkalandira bokosi kuchokera m'manja mwawo, kautsi koyera kanatuluka pansi pa chivundikiro. Mnyamata woitanira minibasi anakaona.

"Iii, masteni, mwanyamula chani chofuka utsi? Kanyenya?" anatero akuseka.

Ine pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti ndi nsomba. Munthu aliyense wa mu Lilongwe muno akanatero. Koma wofunsidwa sanali ine.

"Ndi magazi, mwanawe. A kuchipatala," anayankha Anachisale.

Mnyamata uja anasiya kuseka. Anabwerera m'mbuyo, n'kutembenukira kwa anzake. "Amangwetu, tamvani izi! Akuti magazi!"

Sindidziwa kumene anthu anachokera. Ogulitsa nthochi, a kabaza, amene ankadikira minibasi, amene ankadya tchipisi, onse anatizungulira. Mayi wina amene tinakwera naye anayamba kufotokoza mokuwa kuti anatikayikira kuyambira ku depoti, chifukwa sitinkalankhulana. Liwu lija linatuluka kumbuyo kwa gulu, kenaka linali pakamwa pa aliyense.

"Anamapopa! Tsegulani tione!"

Anachisale anandilanda bokosi, analiika pansi pa kamtengo ka kesha kamene kanali pamenepo, anavula chitenje chapamwamba n'kulifunditsa, kenaka anakhalapo. Anatulutsa khadi la kuntchito. Bambo wina wovala jekete lachikopa analiyang'ana n'kuliponya pansi.

"Makadi ngati awa amapanga ku tauni, mayi. Tsegulani bokosi. Ngati mulibe mlandu mukuopa chani?"

"Ndikatsegula padzuwa pano, za m'katimu zifa," anatero Anachisale. Mawu awo anali atatsika kale.

"Mwamva? Akuti zifa! Ndiye kuti n'zamoyo!"

Wina anakuwa kuti abweretse petulo. Ena anaseka, ena sanaseke. Mwala woyamba unagunda mtengo. Wachiwiri unawapeza pamwamba pa khutu, magazi n'kutsikira pa bulauzi. Mnyamata wina anati, "Onani, nawonso ali nawotu awo!" Ine ndinasendera pafupi kuti ndiime pakati pa iwo ndi kumene miyala inkachokera. Anandikoka buluku.

"Bambo a Dalitso," anatero motsitsa, "imani mbali ya dzuwa."

Mthunzi wa kamtengo kaja unali wosakwanira. Ankafuna chithunzithunzi changa chigwere pa bokosi. Ndinaima mbali ya dzuwa.

Kenaka anakweza mutu n'kulankhula kwa bambo wa jekete uja. "Bambo, sindingatsegule. Magaziwa si anga, si anunso. Ali ndi mwini wake."

"Ndani? Mzungu wanuyo?"

"Mwinimbumba."

Phokoso linachepa pang'ono. Liwu limenelo aliyense pamenepo ankalidziwa, wa ku Dowa ndi wa ku Mulanje yemwe. Mkulu wina wokonza njinga anapukuta manja n'kunena kuti ngati mwinimbumba alipo, abwere adzanene yekha, chifukwa chinthu cha mbumba ya eni sichitsegulidwa ndi anthu odutsa. Koma ngati palibe, mayiwa adziwa okha. Anthu anavomera. Anafunsa dzina.

Apa ndi pamene ndinawaona apongozi anga akuvutika. Mwala uja sunawagwedeze, koma funso ili linawagwedeza. Pantchito yawo, dzina la wodwala kapena la achibale ake silituluka pakhomo la labu. Ngakhale Rute sanamvepo dzina ndi limodzi lomwe. Anaika chikhatho pambali pa bokosi, kumva kuzizira kwake. Kenaka anatchula dzina la a Kachingwe ndi fakitale imene ankagwirako. M'bokosimo munali maselo a mtsikana uja.

Wa kabaza mmodzi ananyamuka kukawatenga. Ife anatikaniza kusuntha.

Kudikira kuja sindidzakuiwala. Anthu ankawonjezekera, ndipo obwera kumene sankadziwa za mwinimbumba, ankangofunsa chifukwa chimene sitinawotchedwe. Mkulu wa njinga uja ankawabweza. Bambo wa jekete ankati wa kabazayo tamutumiza kukatenga mnzathu. Ine ndinkasuntha pang'onopang'ono kutsatira dzuwa. Kautsi kaja kanali katasiya kutuluka, ndipo ndinaona kuti Anachisale aona. Magazi anauma pa khosi pawo. Sanapukute, chifukwa manja onse anali pa bokosi.

Panalinso china chimene iwo ankadziwa, ine osadziwa. Sabata imeneyo mtsikana uja anali atafooka kwambiri ndi mankhwala, tsitsi litathothoka, ndipo achibale ena anali atayamba kunena kuti chamufooketsa ndi singano ija. A Kachingwe akanatha kufika pamenepo n'kunena kuti sakuwadziwa mayiwa. Mawu amodzi akanakwana.

Anafika ali mu ovolosi, fumbi la fodya lili m'tsitsi. Anthu anawapatsa njira. Sanapereke moni.

"Mayi, wakulolani ndani kutchula dzina langa pamsewu?"

"Palibe, bambo. Ndalakwa."

"Muli chani umo?"

"Zomwe munaziona zija."

"Mukatsegula?"

"Zifa. Ndiye kuti mwana anabayidwa pachabe. Kapena adzafuna kumubayanso, ndipo ine ndinakulonjezani kuti sizidzachitika."

A Kachingwe anayang'ana bala lija, anayang'ana bokosi. Bambo wa jekete anawayandikira.

"Akulu, musaope, tili nanu. Anakunamizani eti? Anati mwana achira?"

"Ayi," anatero a Kachingwe. Anatembenukira ku gulu. "Magaziwa ndi a mwana wa mlongo wanga. Akudwala khansa. Ndinapereka ndine, masana, ndikuona ndi maso anga. Mayi awa ndinawafunsa ngati mwana achire, anandiuza kuti ayi. Namapopa wake uti amene amakuuza kuti ayi?"

A Kachingwe anawerama, anapempha Anachisale kuti adzuke, ananyamula bokosi ndi chitenje chomwe n'kuliika paphewa.

"Wofuna kutsegula andilande ine," anatero.

Anayamba kuyenda, ife pambuyo. Gulu linang'ambika pakati. Ndinkayembekeza mwala pamsana mpaka tinakhota. Sunabwere.

Ku kampani yogulitsa ayezi kuja anatsegula bokosi m'chipinda chozizira. Ayezi wotsala anali ngati sopo wosambira watsala pang'ono kutha. Anadzazamo wina, ndipo woyendetsa galimoto wa pamenepo, ataona bulauzi ya Anachisale, anawaperekeza ku bwalo la ndege osafunsa zambiri. Patapita masabata angapo uthenga unabwera woti maselo ambiri anafika amoyo. Mtsikana uja sanabayidwenso. Anamwalira mvula yoyamba itagwa.

Anthu akamafotokoza nkhaniyi amaimalizira pamene a Kachingwe ananyamula bokosi. Anachisale sankaimalizira pamenepo. Dokotala uja atabwera anawadzudzula chifukwa chotchula dzina pagulu, ndipo aka kanali koyamba iwo osamutsutsa. Anati akunena zoona. Ku Area 25 nkhani inafala. Aneba ena anayamba kunena kuti banja lija linagulitsa magazi a mwana wawo, n'chifukwa chake anamwalira. Mayi a mtsikanayo anasamuka nyumba. Anachisale anagula nkhuku, anapempha Rute kuti awaperekeze, n'kupita kukapepesa. A Kachingwe analandira nkhukuyo. Mlongo wawo anakana kutuluka m'chipinda. Chaka chilichonse, mvula ikayamba, Anachisale ankapitanso. Mayi a mtsikana uja sanawatsegulire mpaka imfa.

Rute anawafunsapo kamodzi kuti chinawavuta n'chiyani kungonena kuti ndi nsomba. Ndinali kuseri kwa khoma, ndikupopa njinga. Anachisale anati akhala akuiganizira siteji ija kambirimbiri, ndipo mwina akanangokhala chete osayankha mnyamata uja. Koma kunena kuti mwana wa eni ndi nsomba, zimenezo pakamwa pawo sipakanatha. Rute anati ndiye mwaona kumene zinakufikitsani. Iwo anati aona.

Anapuma pantchito kafukufukuyo asanathe. Sanadziwe ngati maselo amene anawaumitsa zaka zonsezo anathandizapo munthu. Wina akawafunsa ankati sakudziwa. Pa maliro awo a Kachingwe anabwera osaitanidwa, tsitsi litachita mbuu, ndipo ananyamula nawo bokosi la maliro mbali ya kutsogolo. Achibale ena ankafunsana kuti bambowa ndi a kuchimuna kapena a kuchikazi.

Pamene Anachisale ankapuma pantchito, a ku labu anawapatsa bokosi lakale losungira zozizira, losweka chivundikiro. Si lomwe lija, koma ndi lofanana nalo. Analisandutsa mpando wawo pakhonde. Mipando yabwino inalipo, koma ankakhala pamenepo, akusankha nyemba kapena kuwerenga Baibulo, ndipo dzuwa likasuntha ankalikoka kutsatira mthunzi. Pa simenti pali mizere imene linasiya.

Bokosilo likadali pakhondepo. Palibe amene amakhalapo, ngakhale adzukulu. Rute amalipukuta akamasesa, n'kulibwezera pamalo pake, pafupi ndi zenera la kukhitchini. M'mawa pamakhala mthunzi. Masana dzuwa limadutsa pamwamba pa mpanda wa aneba n'kufika pamenepo. Ndikakhala pakhomo nthawi imeneyo, ndimadzuka n'kulikokera kumthunzi. M'katimo mulibe kanthu.